Wembley: Bwalo Lidatha, Milandu Idatsala

Palibe munthu wokonda mpira wamiyendo amene sadamvepo dzina la Wembley, bwalo lotchuka la mumzinda wa London. Bwalo loyamba la dzina limeneli lidamangidwa m'masiku 300 okha, pa mtengo wa £750,000, ndipo lidatsegulidwa m'chaka cha 1923. Chizindikiro chake chidali nsanja ziwiri zoyera zimene munthu ankaziona akadali patali. Silidali la mpira wokha ayi, pakuti m'menemo ndimo mudachitikira chisangalalo cha oyimba cha Live Aid mu 1985, ndiponso chija cha mu Juni 1988 chokondwerera zaka 70 za kubadwa kwa a Nelson Mandela, eni akewo akadali m'ndende. Mpira wotsiriza udaseweredwa m'bwalomo pa 7 Okutobala 2000, pamene Germany idagonjetsa England ndi chigoli chimodzi kwa chilowere, ndipo pambuyo pake bwalo lonse lidagumulidwa, ndi nsanja zomwe.

Bwalo latsopano, la mipando 90,000, lidatenga zaka zinayi ndi theka kuti limangidwe. Milandu imene idabuka pa ntchitoyo idatenga zaka zisanu ndi chimodzi. M'malo mwa nsanja zija mudaimikidwa uta wachitsulo wotalika mamita 133, umene umaoneka kuchokera m'madera ambiri a London. Koma wofuna kudziwa chimene chidachitikadi pa Wembley ayenera kutsitsa maso ake, nayang'ana m'mapepala amene makampani adasainirana, pakuti m'menemo ndimo mudagona nkhondo yonse.

Nyumba ya zisangalalo imasiyana ndi nyumba zina pa chinthu chimodzi chachikulu: tsiku lake lotsegulira limagulitsidwa nyumbayo isanathe. Sitolo ikachedwa kutha ndi miyezi itatu, mwini wake amataya malonda a miyezi itatuyo, basi. Koma bwalo la masewero kapena holo ya oyimba imakhala italonjezedwa kale kwa anthu ena. Matikiti agulidwa, a wailesi yakanema alipira, oyimba akonza ulendo wawo wa chaka chonse. Bwalo la Wembley lidayenera kutha kumayambiriro kwa 2006 kuti mpira wotsiriza wa chikho cha FA wa mu Meyi chaka chimenecho useweredwe m'menemo. Silidathe. Mpirawo, wa Liverpool ndi West Ham, udakaseweredwa ku Cardiff, ndipo magulu a oyimba monga Bon Jovi ndi Rolling Stones, amene adali atalengeza kale kuti adzaimba ku Wembley, adasamutsidwira m'mabwalo ena. Loya wolangiza mwini ntchito yotere amadziwa kuti amene akumuimirayo ali ngati munthu amene waitana kale anthu ku ukwati nyumba ilibe denga. Aliyense wogwira ntchito pamalopo amadziwanso zomwezo, ndipo pa tsiku la mkangano wofulumirayo ndiye amakhala wofooka.

Mwini bwalo latsopanoli idali kampani ya Wembley National Stadium Limited, ya pansi pa bungwe loyendetsa mpira ku England la FA. Ndalama za ntchito yonse, kuphatikizapo kugula malo, zidawerengedwa kuti zikwana £757 miliyoni, ndipo £161 miliyoni mwa izo zidachokera m'thumba la anthu onse, kudzera ku boma ndi ku National Lottery. Gawo lalikulu lidali ngongole yotsogozedwa ndi banki ya ku Germany ya WestLB. Okongoza ndalama safuna kumva mawu akuti "tidzaona kutsogolo"; amafuna mtengo umodzi wodziwika ndi tsiku limodzi lodziwika. Chifukwa cha ichi, pangano limene mwini bwalo adasainirana mu Sepitembala 2002 ndi kampani ya ku Australia ya Multiplex, yomwe idali itamanga bwalo lalikulu la masewero a Olimpiki a ku Sydney a mu 2000, lidali la mtengo wokhazikika. Multiplex idavomera kumaliza mapulani ndi kumanga bwalo lonse pa mtengo woposa £400 miliyoni, ndipo ngati zitsulo zikwera mtengo kapena ntchito ivuta, idzaona yokha chochita.

Poona pepalalo, mwini bwalo akadatha kugona tulo. Koma pangano la mtengo wokhazikika silichotsa katundu wa zogwa mwadzidzidzi. Limangomusenzetsa munthu wina, ndipo wosenzetsedwayo naye amafuna wina womutulira. Multiplex idagawa ntchitoyo kwa makampani ena ambiri, a zitsulo, a simenti, a magetsi, iliyonse ndi pangano lake, mtengo wake ndi tsiku lake. Ngakhale mainjiniya a kampani ya Mott MacDonald, amene poyamba adalembedwa ntchito ndi mwini bwalo kuti akonze mapulani a zitsulo, adasamutsidwa mwalamulo kuti bwana wawo akhale Multiplex. Kusamutsa kotere nkofala pa ntchito za mtundu uwu, ndipo cholinga chake ndi chakuti mwini nyumba akhale ndi khomo limodzi lokha logogodapo zinthu zikalakwika. Kuipa kwake ndi kwakuti womanga amalandira mapulani amene sadawayambe iye, pamodzi ndi zolakwika zonse zimene zingakhalemo. Funso lakuti adzalipire ndani ngati mapulaniwo achedwa kapena asinthidwa limafunika kuliyankha m'pangano momveka bwino, khasu lisanakhudze dothi.

Gawo la zitsulo, la mtengo wa £60 miliyoni, lidapatsidwa kwa kampani ya Cleveland Bridge ya ku Darlington, kumpoto kwa England. Dzinali si lachilendo m'chigawo cha mtsinje wa Zambezi, pakuti kampani ya dzina lomweli ndiyo idamanga mlatho wa pa mathithi a Victoria Falls umene udatha mu 1905, ndiponso mlatho wautali wa Dona Ana wa mu 1935, umene udalumikiza njanji ya ku Nyasaland ndi doko la Beira. Tsono sidali kampani yophunzira ntchito. Koma nawonso uta wa Wembley, umene maonekedwe ake adajambulidwa ndi akatswiri a Foster and Partners pamodzi ndi a HOK Sport, sudali chokongoletsa chabe. Ndi wotambalala mamita 315, wolemera matani pafupifupi 1,750, ndipo ndiwo umanyamula denga lonse la kumpoto ndi gawo lalikulu la denga la kumwera, kuti pasakhale mzati wotchinga maso a oonerera. Popanda uta padalibe denga, ndipo ntchito zina zambiri zidali kudikira zitsulo.

Pofika kumapeto kwa 2003 ntchito ya zitsulo idali itachedwa kale, ndipo makampani awiriwa adali kulozana zala. Cleveland Bridge inkati mapulani ankafika mochedwa, osakwanira, ndipo ankasinthidwasinthidwa. Multiplex inkati a zitsulowo ankagwira ntchito mosalongosoka, ndipo zitsulo zina za uta zidapangidwa molakwika. Mu Febuluwale 2004 adagwirizana mfundo zikuluzikulu zothetsera mkanganowo, ndipo mu Juni chaka chomwecho adasainirana pangano loonjezera. Mwa zina, panganoli lidati madandaulo onse a m'mbuyo kufikira pa 15 Febuluwale atha. Ntchito yoimika zitsulo pamalopo izilipiridwa monga mwa ndalama zimene zalowa. Ndipo mbali ziwirizi ziyesetse kugwirizana ndondomeko yatsopano ya masiku ndi mtengo watsopano mwezi wa Juni usanathe. Zikakanika, Multiplex idali ndi ufulu wopereka chenjezo la masiku 28 ndi kuchotsa Cleveland Bridge pa ntchito yoimika zitsuloyo.

Pepala limeneli lidalembedwa kuti libweretse mtendere, koma ndilo lidabala mlandu waukulu, popeza lidasiya mafunso awiri osayankhidwa bwino. Loyamba lidali lakuti: ntchito imene idali itagwiridwa kufikira pa 15 Febuluwale idali ya ndalama zingati? Padali chiwerengero cha £32.66 miliyoni chimene mbali zonse zidachidziwa. Cleveland Bridge inkati akuluakulu a makampani awiriwa adagwirizana pakamwa kuti chiwerengerochi ndi chotsiriza, chosasinthika. Multiplex inkati ayi, chidali choyembekezera chabe, chotheka kuchiwerenganso monga zimakhalira ndi malipiro onse a pakati pa ntchito. Funso lachiwiri lidali lakuti: kodi mawu akuti "kuyesetsa kugwirizana" amamanga munthu motani?

Uta utangoimikidwa mu Juni 2004, Multiplex idapereka chenjezo lija la masiku 28, niitana kampani ya ku Netherlands ya Hollandia kuti ipitirize kuimika zitsulo. Mu Julayi idawerenganso ntchito yakale ija, niitsitsa mtengo ndi mamiliyoni ambiri, kotero kuti Cleveland Bridge, m'malo molandira ndalama, idauzidwa kuti ili ndi ngongole. M'khoti zidadzadziwika kuti akuluakulu a Multiplex adali atakonzeratu njira imeneyi, ndipo pakati pawo ankaitchula kuti Armagedo, dzina la nkhondo yotsiriza ija ya m'buku la Chivumbulutso. Cleveland Bridge idaona kuti mnzake waphwanya pangano kotheratu, ndipo pa 2 Ogasiti 2004 idaleka ntchito yonse imene idatsala nayo.

Pa nthawi ngati imeneyi ndi pamene uphungu wa loya umafunika koposa. M'malamulo a ku England, amenenso makhoti a ku Malawi ndi ku Zambia amawatchula kawirikawiri pa milandu ya mapangano, munthu ali ndi ufulu wosiya pangano ngati mnzake waliphwanya mosonyeza kuti sakufunanso kumangidwa nalo. Koma wosiyayo amakhala ngati wowoloka mtsinje usiku. Khoti likadzapeza kuti mnzakeyo sadalakwe kufika pamenepo, ndiye kuti woswa pangano ndi iye amene adachoka, ndipo ndalama zimene mnzake waonjezera pomaliza ntchitoyo zimagwera pamutu pake. Palibe loya amene angalonjeze momwe khoti lidzaonere nkhani. Chimene angachite ndi kuuza poyera amene akumuimirayo kukula kwa dzenje limene akufuna kulidumpha, ndi kumukumbutsa kuti pali njira ina, yopitiriza ntchito uku akudandaula m'makalata ndi kukafuna ndalama zake kwa oweruza.

Mlanduwo udapita ku Technology and Construction Court, khoti la ku London loona milandu ya zomangamanga, pamaso pa woweruza a Rupert Jackson. Chigamulo choyamba chidaperekedwa mu Juni 2006. A Jackson adapeza kuti padalibe mgwirizano wapakamwa wonena kuti £32.66 miliyoni ija ndi yotsiriza, choncho Multiplex idali ndi ufulu wowerenganso. Adapezanso kuti lonjezo la kuyesetsa kugwirizana silingakakamizidwe ndi khoti. Apa adatsatira mfundo imene bwalo lalikulu la House of Lords lidakhazikitsa mu 1992 pa mlandu wa Walford ndi Miles, yakuti pangano lakuti "tidzakambirana" lilibe chogwirika chimene woweruza angayezere ngati munthu walisunga kapena ayi. Za Armagedo uja adati idali njira youma mtima koma yosaphwanya lamulo. Mapeto ake, woswa pangano adapezeka kuti ndi Cleveland Bridge, chifukwa cha kuchoka kuja kwa pa 2 Ogasiti.

Munthu wamba angaone ngati chigamulochi chidali chopanda chifundo, ndipo mwina nzoona. Koma khoti la mapangano silifunsa kuti wabwino mtima ndani. Limafunsa kuti mudalemba chiyani. Chiganizo chimodzi chokha, chonena mosapsatira ngati chiwerengero cha pa 15 Febuluwale chidali chotsiriza kapena ayi, chikadathetsa gawo lalikulu la mlandu usanayambe. Zotere zimachitika kawirikawiri, ndipo sizodabwitsa. Anthu amene atopa ndi kukangana, tsiku lotsegulira likuwathamangitsa, amafuna kusaina msanga. Mfundo imene akudziwa kuti ingadzutsenso phokoso amailambalala, aliyense ndi chikhulupiriro chakuti mnzake wamva monga momwe iye wamvera. Loya woumirira kuti mfundo yowawayo ilembedwe amaoneka ngati wosokoneza mtendere pa tsikulo, ndipo palibe amamuthokoza, chifukwa mlandu umene waupewetsa suoneka ndi maso.

Mlandu wina waufupi udakhudza masiku. Kampani ya Honeywell, imene idapatsidwa gawo la makina a magetsi oyendetsa mauthenga ndi chitetezo m'bwalomo, idanena kuti popeza Multiplex yomweyo ndiyo idasokoneza ndondomeko ya ntchito, tsiku lomalizira la m'pangano lawo lidali litafa, ndipo chimene chidatsala ndi kumaliza pa nthawi yoyenera basi. Mfundoyi ndi yakale ndithu m'malamulo: amene watchinga mnzake njira sangamulipiritse chifukwa chofika mochedwa. Koma mu Malichi 2007 a Jackson omwewo adagamula kuti tsikulo silidafe, chifukwa m'panganomo mudali ndime yolola kuonjezera masiku pa zifukwa zotere, ndipo ndimeyo idali kugwirabe ntchito. Ambiri amaganiza kuti ndime yoonjezera masiku imalembedwa pokomera wogwira ntchito yekha. Chigamulochi, chimene maloya a zomangamanga amachitchula m'maiko ambiri, chidaonetsa kuti imatetezanso wolemba ntchito, pakuti popanda iyo sakadakhala ndi tsiku lililonse lowerengerapo chindapusa cha kuchedwa.

Pamene maloya adali kukhoti, pamalo pa ntchito mavuto sadaleke. Mu Malichi 2006 chitsulo china cha denga chidatsetsereka pamalo pake, antchito pafupifupi 3,000 natulutsidwa mofulumira. M'mwezi womwewo zidadziwika kuti mipope ya zonyansa ya pansi pa bwalo idali itapindika. Multiplex ndi mwini bwalo adathetsa mkangano wawo mwa kukambirana mu Okutobala 2006, mwini bwaloyo atavomera kuonjezera ndalama, mtengo wokhazikika uja uli apo. Makiyi adaperekedwa pa 9 Malichi 2007, ndipo pa 19 Meyi Chelsea idagonjetsa Manchester United pa mpira wotsiriza wa chikho cha FA ndi chigoli cha Didier Drogba. Multiplex idataya ndalama zoposa £100 miliyoni pa ntchitoyi, ndipo eni masheya ake ku Australia adaisumira kuti idachedwa kuwauza za kutayikako. Mlandu umenewo udatha mu 2010 kampaniyo itavomera kulipira madola a ku Australia okwana 110 miliyoni.

Koma mlandu wa zitsulo udali usanathe. Chigamulo cha 2006 chidangonena amene adalakwa. Chidatsala ndi kuwerenga ndalama. A Jackson adalimbikitsa mbali zonse kuti, popeza mfundo zikuluzikulu zagamulidwa, zikakhale pansi ndi kumaliza zotsalazo pazokha. Sizidatero. Zidapita ku khoti la apilo, zidabwerako, ndipo mu 2008 zidakhala miyezi ingapo pamaso pa woweruza zikulimbana pa kanthu kamodzikamodzi: chitsulo ichi chidapangidwa liti, chidali kuti pa tsiku lakuti, chidali cha ndalama zingati. Mapepala a mlanduwo adadzaza mafayilo 550, ndipo ndalama zongochitira fotokope zidayandikira £1 miliyoni. Mu Sepitembala 2008 chigamulo chidatuluka chakuti Cleveland Bridge ilipire Multiplex ndalama zopitirira pang'ono £6 miliyoni. Ndalama zimene mbali ziwirizi zidawononga pa mlanduwo zidali pafupifupi £22 miliyoni.

A Jackson sadabise kukhumudwa kwawo. Adati mbali zonse zidataya mipata yabwino yothetsera nkhaniyi mopindula, ndipo pogamula za ndalama za mlandu adalola Multiplex, yopambanayo, kuti ibwezeredwe gawo laling'ono lokha la zimene idawononga. Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo nzoona. Chimene sanena ndi chakuti mlandu wosungidwa nthawi yaitali umafuna kudyetsedwa tsiku ndi tsiku. Loya amalangiza, koma wosankha ndi mwini mlandu, ndipo akuluakulu a makampani akadana, chiwerengero cha ndalama chimaleka kuwalankhula. Uphungu wovuta koposa wonse ndi wouza munthu amene akuoneka kuti akupambana kuti aleke, makamaka pamene wolangizayo amalipidwa pa ola lililonse limene mlandu ukupitirira.

Patangopita miyezi yochepa, a Jackson, atakwezedwa kupita ku khoti la apilo, adapatsidwa ntchito yofufuza chifukwa chimene milandu ya ku England ndi Wales imadyera ndalama zambiri chotere. Lipoti lawo lidatuluka mu Januwale 2010, ndipo mu Epulo 2013 malamulo atsopano adayamba kugwira ntchito. Mwa zina, pa milandu yambiri maloya adayamba kulamulidwa kuonetsa khoti bajeti ya mlandu usanapite patali, ndipo padakhazikitsidwa kuti ndalama zowonongedwa zizilingana ndi kukula kwa chimene anthu akulimbirana.

Khomo limodzi lidatsala losagogodedwa. Multiplex, imene idagulidwa ndi kampani ya ku Canada ya Brookfield mu 2007, idatembenukira kwa mainjiniya aja a Mott MacDonald, niwasumira £253 miliyoni. Idati mapulani awo a zitsulo adali osayenera, ndipo kusinthasintha kwake ndiko kudachedwetsa ntchito, dandaulo lofanana kwambiri ndi lija Cleveland Bridge inkanena mu 2003. Mainjiniyawo adakana mlandu. Nkhaniyi sidafike pozengedwa, pakuti mu 2010 mbali ziwirizi zidagwirizana kunja kwa khoti. Kampani ya Cleveland Bridge idagwa chifukwa cha ngongole mu 2021, ndipo fakitale yake ya ku Darlington idatsekedwa chaka chomwecho.